Nkhono yapakhoma ndi chinyumba cha Howl

Mdzukulu wanga wokondedwa,

Loweruka likubwerali ukwanitsa zaka 8, ndipo zikundiwawa kuti sindidzakhalapo. Ndakusowa, mwana iwe. Kodi chifuwa chija chinatha? Usiku ukumafunda bwino, kapena ukumakankhabe bulangete ndi miyendo?

Dzulo mvula inagwa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Itakata ndinatsegula zenera, ndipo pakhoma panali mlendo. Kankhono! Kanali kakang'ono ngati chala chako chachikulu, kakukwera khoma nyumba yake katabereka kumsana. Ndinakokera mpando pafupi. Kanatulutsa tinyanga tiwiri titalititali tokhala ndi maso kunsonga, ndi tina tiwiri tatifupi m'munsi tofufuzira njira. Kumbuyo kwake kankasiya kanjira konyezimira. Kenaka dontho linagwa kuchokera kudenga n'kukamenya, ndipo kanalowa m'chigoba, zii. Ine ndinakauza kuti, "Tuluka, usaope, ndi madzi chabe." Ndinadikira, ndinadikira. Kanayamba kusuzumira ndi kanyanga kamodzi, kenaka kachiwiri, n'kupitiriza ulendo. Ukuganiza kankapita kuti? Kunyumba sikungakhale, poti nyumba kanali nayo kale.

Pomwepo ndinakumbuka filimu yakatuni tinaonera limodzi ija, Howl's Moving Castle, ya chinyumba choyenda ndi miyendo yonga ya nkhuku, utsi uli tolotolo. Ukukakumbuka kagalu kopuma movutikira kaja, kamene Sophie, mtsikana wosoka zipewa wosandutsidwa nkhalamba uja, anakanyamula pamasitepe a kunyumba ya mfumu? Unaseka mpaka kugwa pampando. Filimu imeneyo anaikonza bambo wina wa ku Japan, Hayao Miyazaki, mu 2004. Koma nthanoyo inayamba ndi buku limene analemba mayi wa ku Britain, Diana Wynne Jones, mu 1986. Ndaliwerenga lonse, ndipo ndikukutumizira kuti likhale mphatso yako.

Zambiri n'zosiyana, usadabwe. Kamnyamata Markl kophunzira matsenga kwa Howl kaja m'bukumu ndi Michael, mnyamata wa zaka 15. Howl, wamatsenga mwini chinyumba uja, kwawo ndi ku Wales, dziko lenileni, ndipo chitseko chamatsenga cha chinyumbacho, akatembenuzira chogwirira chake ku mtundu wakuda, chimatsegukira kwa mlongo wake. Ndege zoponya mabomba zimene zinakuopsa mpaka kubisa nkhope pachifuwa panga mulibe, nkhondo amangoitchula kuti ikubwera. Mtima wanga unakhala pansi, chifukwa usiku uja sunagone bwino, ndipo ndinadziimba mlandu. Kodi umalotabe zoopsa? Ukalota uzidzutsa amayi ako, usamangolira wekha mumdima.

Filimu ndimaikonda, mitambo yake ndi maluwa aja n'zokongola kwabasi, ndiponso Calcifer, kamoto kolankhula kaja, akamatafuna zigoba za mazira. Koma buku lili ndi chinthu chimodzi chimene filimu sinachionetse bwino. Sophie nayenso ali ndi matsenga, iye osadziwa. Akamasoka zipewa amacheza nazo, ndipo zimene wauza chipewa zimamuchitikiradi amene wachigula. Mfiti ija itamusandutsa nkhalamba ya zaka 90, amatola ndodo n'kumailankhula m'njira monse, mpaka ndodoyo imakhala ndi mphamvu. Chidole choopsezera mbalame chija, chimene iwe unkachikonda chikamadumphadumpha, anachipatsa moyo ndi mawu ake, kenaka n'kumachithawa ndi mantha! Pamenepa ndinawerenga kawiri. Ndiponso mayi wolembayo ankaudziwa ukalamba, mawondo kulira, msana kuwawa, koma manyazi onse kutha. Sophie ali mtsikana ankaopa anthu, atakalamba anayamba kulankhula zakukhosi.

Nanga iwe umalankhulabe ndi chidole chako chodukamkono chija? Umachiuza chiyani? Anzako akamakuseka usaleke.

Upemphe amayi ako azikuwerengera mutu umodzi usiku uliwonse, ukatha kusamba. Mukafika pomwe Howl akukwiya chifukwa cha tsitsi lake n'kudzaza nyumba yonse ndi zonanda zobiriwira, undilembere undiuze kuti zakuseketsa kwambiri n'ziti, za m'buku kapena za mufilimu. Undijambulirenso chinyumbacho mmene ukuchionera iwe.

Kankhono kaja m'mawa uno ndakapeza pansi pa tsamba, katatseka pakhomo. Ndauza aliyense kuti asakaponde. Ukadzabwera mvula isanathe tidzakafunafuna limodzi, koma udzabwere ndi juzi.

Ndine agogo ako okukonda.