Kalata kwa mwana wanga amene wayamba ntchito ku khonsolo

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino ndipo ukuzolowera ofesi yatsopanoyo. Kuno tonse tili bwino. Kabuku ka malamulo a kakhalidwe kamene anakupatsa polowa ntchito, ambiri amangosainira kuti alandira n'kukaponya m'dirowa. Iwe ukawerenge konse. Malamulo oterewa si a khonsolo yako yokha ayi: pangano la United Nations lolimbana ndi katangale la 2003, m'ndime 8, limapempha mayiko kuti ogwira ntchito za boma aziulula mabizinesi awo apadera, chuma chawo ndi mphatso zikuluzikulu zimene alandira.

Ndiyambe ndi nkhani ya achibale, poti ndi imene imagwetsa ngakhale munthu woti sanabepo. Tiyerekeze khonsolo yalengeza tenda yokonza msewu, ndipo pa ofunsirawo pali kampani ya mlamu wako. Usadikire kuti wina achite kukufunsa. Lembera wapampando wa komiti yoona za tendayo msonkhano usanachitike, utchule ubalewo, kope ina usunge. Nkhaniyo ikafika, tuluka m'chipindamo, osati kungokhala duu pakona, ndipo mlembi alembe m'maminitsi nthawi imene watuluka ndi imene wabwerera. Ukakhalamo, ngakhale mtengo wa mlamu wakoyo utakhaladi wotsika kuposa yonse, amene agwa adzadandaula, kontirakiti ikhoza kuthetsedwa, msewu n'kukhala osakonzedwa, mlandu n'kukhala wako. Uchite chimodzimodzi polemba anthu ntchito, pogawa mapuloti ndi popereka malaisensi.

Siginecha yako uziumira nayo. Akakubweretsera makotesheni atatu (mapepala a mitengo ochokera kwa ogulitsa), usamangoona mitengo yokha. Yang'ana manambala a foni, maadiresi ndi maakaunti a kubanki, chifukwa nthawi zina makampani atatuwo mwini wake ndi mmodzi, mpaka mawu amene analakwitsa polemba amafanana pa mapepala onse. Chenjeranso ndi oda imodzi imene yaduladulidwa kuti chidutswa chilichonse chisafike pa mlingo wofunika tenda. Pa kugula kulikonse, wopempha, wovomereza, wolandira katundu ndi wolipira akhale anthu osiyana. Wina akafuna kugwira ziwiri mwa izi ati pofuna kufulumiza zinthu, pamenepo ndiye ndalama zimathawira. Pepala likati pabwera matumba 200 a simenti, dzuka ukawerenge wekha. Akapezeka 160, lemba 160, woperekayo asainire pomwepo. Kontirakita akati wamaliza theka la ntchito, pita ukaone ndi maso usanavomereze malipiro. Odita, wofufuza mabuku a ndalama, akadzabwera sadzafunsa amene anakuuza, adzafunsa amene anasaina. Pasiwedi yako ya pakompyuta nayonso ndi siginecha, usabwereke munthu, ngakhale bwana.

Za mabwana ndi makhansala ndikhalepo pang'ono. Makhansala amamanga mfundo akakhala pamodzi pa msonkhano, ndipo inu ogwira ntchito mumazitsata. Khansala mmodzi payekha alibe mphamvu yokulamula kuti ulembe ntchito mphwake kapena udumphitse wina pa mzere. Ulemu um'patse wonse, koma umuuze kuti pempho lake lidzere kwa mkulu wa ofesi. Bwana akanena pakamwa kuti "ingolipirani, mapepala abwera pambuyo", usakangane naye pagulu. Yankha modekha kuti, "Bwana, chonde mundilembere kuti ndiike m'fayilo." Lamulo lolungama salivutikira kulemba, lokhota limathera pomwepo. Za chipani chako uzisiya pakhomo la ofesi, chifukwa makhansala amasintha pa chisankho koma iwe udzatumikira aliyense amene wapambana.

Mphatso n'zosavuta: munthu amene nkhani yake ili pa tebulo lako usalandire kanthu kwa iye, kaya ndi envelopu, mafuta a galimoto kapena ngongole yoti "mudzabweza mukapeza". Ikakhala yoti kuikana n'kunyoza alendo, ilembe m'kaundula wa mphatso tsiku lomwelo n'kuipereka ku ofesi.

Ndalama za msonkho zilowe kubanki pa nthawi imene malamulo anena, risiti iliyonse ndi nambala yake. Anthu ambiri amayamba ndi kubwerekako pang'ono kuti adzabwezeretsa mwezi ukatha, kenaka amatseka dzenjelo ndi ndalama za mawa, mpaka mabuku osagwirizananso. Alawansi ya msonkhano umene sunapiteko usasainire, ngakhale anzako onse atasaina (adzakunena kuti ndiwe wodzimva, zisakuvute). Mtengo umene khonsolo yakonzera tenda ndi chinsinsi, usautchule ngakhale pocheza kunyumba kuno.

Ukaona zokayikitsa, lemba tsiku, nambala ya vocha ndi kuchuluka kwa ndalama, upereke kwa odita wa m'khonsolomo. Ngati iyenso ali momwemo, pita ku bungwe lothana ndi ziphuphu. Usatulutse mafayilo a ofesi kapena kuwaika pa Facebook, ungasanduke wolakwa ndiwe.

Amayi ako akupereka moni, akuti ubwere ukapeza tchuthi.

Ndine,
Bambo ako