Kalata kwa Tadala, za agogo ako a Keyala

Tadala mwana wanga,

Kuno ku Chibavi tili bwino, kungoti mvula yowaza ya Mzuzu siikutipatsa mpata, ndipo amayi ako bondo lija likuwavutabe. Zoti ukufuna kulemba mbiri ya agogo ako ankhondo ndazimva. Pa foni sindikanatha kukuuza zonse, mayunitsi akanatha, ndiye ndati ndikhale pansi ndilembe.

Usayambire pa intaneti. Kwera basi upite ku Ntcheu kwa azakhali ako aakulu, mwezi uno, osati wamawa. Iwo ndi okhawo otsala amene anaona bambo akutsika lole atavala kabudula wa khaki nkhondo itatha. Ine ndinabadwa pambuyo pake, zanga zambiri n'zongomva. Utenge shuga ndi chitenje, ugone masiku awiri kapena atatu. Usawapanikize ndi mafunso ngati wapolisi. Khala nawo pakhonde, muzitongola chimanga, nkhani idzabwera yokha. Foni izijambula mawu, koma uyambe wawapempha.

Kuchipinda kwawo kuli bokosi lachitsulo lakuda. M'menemo muli mamendulo atatu ndi kabuku kamene anawapatsa agogo ako powatulutsa usilikali, ngati chiswe sichinakadye. Chofunika koposa m'kabukumo ndi nambala yawo ya usilikali. Ilembe malo awiri. Mamendulo usadalire kuti akupatsa dzina, chifukwa a nkhondo ya 1939 mpaka 1945 Angerezi ankawapereka osalemba dzina la mwini wake, kusiyana ndi a nkhondo ya Chiwaya ija ya 1914 amene ankalembedwa. Koma pa mendulo yooneka ngati nyenyezi, werenga mawu ozungulira pakati pake. Ukapeza Burma Star, ndiye kuti anali nawo pa nkhondo ya ku Burma (Myanmar ya lero), kumene asilikali a kuno anakamenya nkhondo ndi Ajapani mu 1944, m'chigwa cha Kabaw, m'matope a mvula ndi malungo. Ambiri ankayamba aima ku Ceylon (Sri Lanka ya lero) kukaphunzira nkhondo ya m'nkhalango. Ukapeza Africa Star, yang'ana za nkhondo ya Ataliyana ku Ethiopia ndi Somaliland.

Ndikulimbikira za nambala chifukwa dzina lidzakusokeretsa. Kumudzi ankawatchula dzina lina, ku mishoni anabatizidwa lina, ndipo kalaliki wa ku Keyala, gulu la asilikali limene analowa, analemba mmene khutu lake linamvera. Anyamata ena ankalembetsa ndi dzina la amalume awo, ena ankanama zaka. Choncho ufunse azakhali dzina la nyakwawa ya nthawi imeneyo ndi mfumu yaikulu ya dera lathu, pakuti boma la atsamunda linkamudziwa munthu ndi mudzi wake.

Ukachoka ku Ntcheu ndiye upite ku Zomba. Kumeneko n'kumene kunali kwawo kwa asilikali a kuno a King's African Rifles, Keyala yathuyi, imene inakhazikitsidwa mu 1902, ndipo batalioni yoyamba ndi yachiwiri zinali za Nyasaland. Ku National Archives upemphe mafailo a boma la Ntcheu a zaka za nkhondo, ukhale woleza mtima, mapepala akale sathamangiridwa. Ukaonenso chipilala cha asilikali chili pafupi ndi Cobbe Barracks. Mabuku amene batalioni iliyonse inkalemba tsiku ndi tsiku ali ku Kew, ku London. Amenewo amatchula kawirikawiri maofesala achizungu, msilikali wamba sapezekamo kwenikweni, koma ukadziwa batalioni yawo udzadziwa mtsinje umene anawoloka ndi tsiku lake.

Tsopano ndiulule kulakwa kwanga. Uli wamng'ono, tikamadutsa pa Moyale Barracks kuno, ndinkakuuza kuti agogo ako anamenya nkhondo ku Moyale. Ndinkawauzanso anzanga kuntchito, mpaka ndinayamba kukhulupirira ndekha. Bambo sanandiuzepo zimenezo. Moyale ndi tauni ya m'malire a Kenya ndi Ethiopia, kumene asilikali a batalioni yoyamba analimbana ndi Ataliyana mu July 1940, ndipo dzina la malo a asilikali athu kuno linachokera kumeneko. Azakhali ako amati bambo anachoka pamudzi iwo akuyenda kale n'kumalankhula, ndipo anabadwa mu 1939. Werengera wekha. Ngati kabuku kakuti analowa mu 1942, Moyale umuchotse, ngakhale anakuuza ndine.

Nkhani iliyonse uzilemba ndi mwini wake: iyi ndi ya pa pepala, iyi ananena azakhali, iyi ankanena bambo anga opanda umboni. Ndipo ukonzeke kupeza kuti mwina anali wophika, woyendetsa galimoto kapena wonyamula odwala pa machira. Ukapeza zotero ulembe zomwezo. Ine chimene ndikukumbukira bwino n'chakuti ankapukuta nsapato ngati galasi, sankafuna kumva mfuti ya alenje usiku, ndipo kukagunda bingu ankatuluka m'nyumba n'kukhala pansi pa mango mpaka kucha. Za ku nkhondo ankangoti, "Kunali mvula." Zimenezinso zilowe.

Intaneti idzakuthandiza pa munthu mmodzi: msuweni wa agogo ako amene ananyamuka nawo limodzi koma sanabwerere. A Commonwealth War Graves Commission amasunga maina a amene anafa, ndipo amene manda awo ku Burma sanapezeke analembedwa pa chipilala cha ku Taukkyan. Agogo ako usawafune pamenepo, iwo anabwerako. Dzina la msuweniyo ine landithawa, azakhali akukumbutsa. Uyese kalembedwe kosiyanasiyana.

Ndakutumizira ya basi pa Airtel Money. Mamendulo uwajambule kumaso ndi kumbuyo, koma usawachotse m'nyumba ya azakhali ako, angakhumudwe. Ukafika undiimbire, ndiwalankhule.

Ndine bambo ako.