Kalata ya malankhulidwe a Chiameniya ndi Chimaori

Achimwene okondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko. Mwafunsa chifukwa chake dzina limodzi mukulipeza pawiri, Petros ndi Bedros m'Chiameniya, chilankhulo cha anthu a ku Armenia, komanso phiri lalitali la ku New Zealand ena akuti Aoraki, ena Aorangi. Palibe walakwitsa. Chonde musakonze dzina la munthu musanamufunse kwawo.

Chiameniya chili ndi nthambi ziwiri zolembedwa. Chakum'mawa ndi cha ku Yerevan, likulu la Armenia, ndi ku Iran. Chakumadzulo chinakhazikika ku Constantinople (lero Istanbul, ku Turkey), ndipo eni ake atabalalika ndi kuphedwa kwa anthu kwa mu 1915 anachitengera ku Beirut, Aleppo, Marseille ndi Los Angeles. Zilembo ndi zomwezo zimene Mesrop Mashtots anapanga cha m'ma 405, koma katchulidwe kanatembenuka. Apa khutu lathu litithandiza, poti ife timasiyanitsa b, p ndi ph. Akum'mawa ali nazo zonse zitatu. Akumadzulo anatsala ndi ziwiri: chilembo chomwe ku Yerevan ndi p iwo amati b, ndipo cha b amati ph. Zimateronso pa t ndi d, k ndi g. N'chifukwa chake Grigor ndi Krikor ndi dzina limodzi, ndipo moni wa barev mudzaumva ngati pharev.

Msampha weniweni uli pa mneni. "Ndikulemba" akum'mawa amati grum em, akumadzulo amati gë krem. Koma gë woyambayo akum'mawa amamutchula k-, ndipo kwa iwo amaloza m'tsogolo: kgrem ndi "ndidzalemba". Mukasakaniza mabuku a nthambi ziwirizi, nthawi za aneni zidzakusokonezani. Onaninso kalembedwe: Armenia wa Soviet anakasintha mu 1922 ndi 1940, pomwe akumadzulo ndi a ku Iran anasunga kakale.

Chimaori, chilankhulo cha Amaori a ku New Zealand, sichinagawike motero. Anthu amamvana, kungoti fuko lililonse lili ndi mita yake, ndiko kuti kamvekedwe ka kwawo. Ng wawo ndi ng' wa ng'ombe, osati wa ngolo. Ambiri amaphonya pomwepa. A fuko la Ngāi Tahu a pachilumba chakum'mwera amamusandutsa k, ndiye Aoraki uja, ndipo okha amadzitchula Kāi Tahu. A Tūhoe amamusandutsa n: tangata, munthu, amakhala tanata. Wh ambiri amamutchula ngati f, koma ku Taranaki ndi Whanganui h samveka, pamangokhala kudukiza kwa pakhosi. Makolo akale kum'mawa ndi tīpuna, kumadzulo tūpuna.

Mukamalemba pa kompyuta musasiye kamzere ka pamwamba pa mavawelo, chifukwa keke ndi keke wodya koma kēkē ndi m'khwapa. A Waikato-Tainui m'malo mwa kamzereko amabwereza vawelo, n'kulemba Maaori. Mukaona choncho, chisiyeni momwemo.

Moni kwa alamu ndi ana.

Ine mnzanu wa kumudzi