Malo oonetsera miyala akonzedwe mosamala

Akonzi,

Ndikupempha amene akutsegula malo oonetsera miyala ya granite ndi marble (miyala yocheka ndi kusalaza imene amaika m'nyumba, monga pamwamba pa makabati a kukhitchini) kuti ayambe aganizira za kulemera kwake. Granite wokhuthala masentimita 3 amalemera pafupifupi makilogalamu 80 pa sikweya mita imodzi, ndiye pansi pafunika konkire yolimba, osati matailosi, amene sachedwa kusweka. Miyala ikuluikulu isamangotsamiritsidwa kukhoma. Ikhale pa chitsulo chooneka ngati chilembo cha A, yomangidwa ndi lamba, chifukwa ikatsetsereka imagwera munthu.

Mababu achikasu amasintha maonekedwe a mwala, kasitomala n'kukadandaula atafika nawo kunyumba. Ikani zitsanzo pafupi ndi zenera. Patebulo pakhalenso kachidutswa ka marble kodonthezeredwa madzi a mandimu, ogula adzionere okha mmene kamathimbirira asanasankhe mwala wa kukhitchini.

Wowerenga,
Lilongwe