Mapesi ophimbira akutha ndi ng'ombe ku Angónia

Akonzi,

Ndine mlimi wa chimanga ndi nyemba ku Domue, m'boma la Angónia. Chilala cha El Niño cha 2023/24 chitatiwotchera minda, alangizi akulimbikira kuti tizikumba maenje, kuthiramo manyowa ndi kuphimbira nthaka ndi mapesi kuti chinyezi chisathawe. Uphunguwu ndi wabwino. M'chigawo chomwe ndidaphimbira, chimanga chidapirira ng'amba ya mu February pomwe cha m'mizere chidapota masamba.

Koma amene amalemba ndondomekozi ku Maputo akudziwa zomwe zimachitika tikakolola? Ng'ombe zimatayiriridwa m'minda yonse, ya mwini ndi ya mnansi, ndipo mapesi amatha August asanafike. Otsalawo anyamata osaka mbewa amayatsa. Mayi wamasiye wopanda khola angakadandaule kwa yani, poti ng'ombezo ndi za akuluakulu omwe amaweruza milandu kubwalo? Mvula yoyamba imapeza nthaka ili mbee, n'kukokolola dothi lonse kupita nalo kudambo. Tidaona mu 2022 madzi a namondwe Ana atagwetsa mlatho wa pa mtsinje wa Revúbuè.

Ndikupempha mafumu athu akhale pansi ndi eni ziweto, apatule malo odyetsera, ndipo woyatsa munda wophimbira azilipa. Boma nalo lifikitse mbewu yocha msanga mu October. Ikabwera pa Khirisimasi timangoikazinga. Zingwe za mbatata yofiira mkati ndi nandolo azitiphatikizirako.

Mlimi wa ku Domue,
Angónia, Tete