Sitima sizinkadutsa pamathithi, anthu ndiwo ankasenza

Akonzi,

Nkhani yanu ya sabata yatha yokhudza sitima zoyendera nthunzi kumpoto kwa Canada yandipweteka mtima. Mlembi wanu akuti sitimazo zitalowa m'mitsinje, ntchito yosenza katundu pamsana inatheratu. Inathera kuti? Mwana wanga wakopera chiganizo chimenecho m'kope lake la kusukulu, ndiye sindingakhale chete.

Afunse aliyense wodziwa mbiri ya Hudson's Bay Company, kampani ya malonda a zikopa imene inali mwini wa sitimazo. Sitima ya Grahame, yomwe inamangidwa ku Fort Chipewyan, inkalekezera pa Smith's Landing. Sitima ya Wrigley inkayambira ku Fort Smith n'kutsetsereka kulowera mumtsinje wa Mackenzie. Pakati pa madoko awiriwa pali mathithi a mtsinje wa Slave, ndipo thumba lililonse la ufa, bokosi lililonse la tiyi ndi mtolo uliwonse wa zikopa zinkatsitsidwa, kuyenda pamtunda makilomita pafupifupi 26 pangolo za ng'ombe, n'kukwezedwanso. Ankakweza ndi kutsitsa ndani?

Pa mtsinje wa Athabasca ndiye panali posaukira. Kuchokera ku Grand Rapids mpaka ku Fort McMurray sitima inalibe mphamvu. Katundu ankatsika m'mabwato akuluakulu amatabwa, ndipo pobwerera ndi zikopa, amuna a mtundu wa Métis ndi Cree ankamanga malamba pachifuwa n'kukoka bwato ndi chingwe kukwera mtsinje, miyendo ikutitimira m'matope, udzudzu uli khathi kumaso, kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa. Nkhuni zimene sitimazo zinkameza usana ndi usiku anadula ndi kuunjika m'mbali mwa mtsinje ndi anthu omwewa. Ngakhale sitima ya Northcote, imene mwaitama kuti inayamba kuyenda pa mtsinje wa Saskatchewan mu 1874, inkangokhalira kutitimira pamchenga madzi akachepa, anthu n'kumalimbana nayo kuti ichoke. Zonsezi m'nkhani yanu mulibe ngakhale mzere umodzi!

Chimene chinathadi mlembi wanu sanachitchule. Njira yakale ya pa Methye Portage, imene katundu wopita kumpoto ankadzera sitima zisanabwere, itasiyidwa m'zaka za m'ma 1880, ambiri opalasa mabwato akuluakulu a katundu otchedwa York anataya ntchito imene inkadyetsa mabanja awo. Amenewo ndiwo anatheredwa, osati kusenza.

Ndipo si koyamba. Nkhani zanu za mbiri yakale zimadziwa dzina la kampani, dzina la sitima, kutalika kwake, koma amtengatenga mumawadumpha ngati kunalibe. Zithunzi zakale za amuna okoka zingwe pa Athabasca zilipo, bwanji munasankha cha sitima yokhayokha ili phee padoko?

Konzani chiganizo chija sabata ino, ndipo musindikize chimodzi mwa zithunzizo kuti mwana wanga akaonetse aphunzitsi ake Lolemba.

Wowerenga wanu,
Edmonton