Kwa mwana wanga, za kuyeza zidutswa za matumbo

Wokondedwa mwana wanga,

Ndamva kuti tsopano akupatsa ntchito yoyeza zidutswa za matumbo pa maikulosikopu, ndipo popeza ine ndinakalambira pa ntchito yomweyo, ndati ndikulembere zimene ndinazimvetsa mochedwa.

Ukaika galasi pa makina, yamba wadzifunsa ngati kutupako ndi kwa masiku ochepa kapena kwakhalitsa. M'thumbo labwino, timaenje tija timati ma crypt timaima mowongoka ndi motalikirana mofanana ngati chimanga cha pa mzere. Matenda akakhalitsa timapindika, tina timachita mphanda, tina timafupika n'kusiya mpata pansi pake, ndipo mu mpatamo mumadzaza ma plasma cell, maselo ena a chitetezo cha m'thupi. Ma neutrophil, maselo oyera a m'magazi ofulumira kulimbana ndi tizilombo, olowa m'timaenjemo n'kupanga timafinya amangosonyeza kuti matenda akolera panopa, pakuti ngakhale kamwazi wa mabakiteriya amachita zomwezo popanda kusokoneza kaimidwe ka timaenjeto.

Za m'mabuku ukuzidziwa kale: ulcerative colitis imayambira kumapeto kwa thumbo lalikulu n'kumakwera mosadukiza, ndipo imagwira khungu la m'kati, pamene matenda a Crohn amadumphadumpha n'kulowerera khoma lonse la thumbo. Koma kachidutswa kotengedwa ndi colonoscopy, kapaipi ka kamera kounikira m'thumbo, nkapamwamba chabe, choncho usalembe za kuya kumene sunakuone.

Chimene chandilembetsa kalatayi ndi granuloma, kamulu ka maselo a chitetezo ounjikana pamodzi m'mnofu wotupa. Pamene Burrill Crohn ndi anzake awiri ankafotokoza matendawa ku New York mu 1932, anayenera kuwasiyanitsa ndi TB ya m'matumbo, ndipo kwa ife kuno, kumene TB ili ponseponse, ntchito imeneyo sinathe. Ma granuloma a Crohn amakhala aang'ono, apatalipatali, opanda mnofu wakufa pakati, ndipo mwa odwala ambiri sapezeka n'komwe. A TB amakonda kukhala aakulu, olumikizana, ndipo pakati pake pamakhala mnofu wakufa wofumbutuka. Upemphe Ziehl-Neelsen, utoto woonetsera tizilombo ta TB, koma tizilombo tikapanda kuoneka usati TB palibe, chifukwa m'matumbo timakhala tochepa kwambiri. Uyang'anenso dzira la likodzo, la Schistosoma mansoni, lokhala ndi kamunga m'mbali, pakuti nalonso limazunguliridwa ndi granuloma.

Ndili wamng'ono pa ntchito ndinalembapo kuti Crohn pa chidutswa cha mnyamata wina wowonda, amene ankatsegula m'mimba kwa miyezi ingapo. Anamupatsa prednisolone, mankhwala ochepetsa kutupa, ndipo mankhwalawo atafooketsa chitetezo cha m'thupi, anabwerera akutentha thupi ndiponso ali ndi chifuwa. Nditabwereza galasi lija ndinapeza mnofu wakufa pa ngodya imene ndinaidutsa mothamanga tsiku loyamba. Anachira atayamba mankhwala a TB, koma ngodya ija ndimaionabe.

Choncho fomu ikabwera yopanda mbiri ya wodwala, uwaimbire adokotala amene anatenga chidutswacho, uwafunse za chifuwa, za HIV, za madzi amene wodwalayo amasambamo, ndiponso malo enieni amene anadulapo. Amayi ako akupereka moni.

Ndine,
Bambo ako